Mnzanga atasowa m'phanga lodzaza madzi

Aliyense amene anaphunzirapo kusambira m'mapanga odzaza madzi amadziwa kuti pamaphunziropo pamakhala tsiku limene mphunzitsi amabisa wophunzira mmodzi kuseri kwa thanthwe, n'kumayang'ana zimene otsalawo achite. Tsiku limenelo zonse zimayenda bwino, chifukwa mumtima mumadziwa kuti mnzanuyo ali pafupi, mpweya ali nawo wokwanira, ndipo mphunzitsi akukuonani nonse. Chimene maphunziro sangathe kukupatsani ndi kulemera kwa mtima kumene kumabwera mukatembenuka m'phanga lenileni n'kupeza kuti kumbuyo kwanu kulibe kuwala kwa tochi ya munthu amene munalowa naye. Zimenezi zinandichitikira, ndipo ndikuzilemba chifukwa ndinaona ndi maso anga kuti nthawi yofunafuna mnzanu iyenera kuyezedwa ndi geji ya mpweya osati ndi mtima, komanso kuti kutuluka mwadongosolo, mutasiya zizindikiro zomveka, ndi mbali ya ntchito yomupulumutsa.

Panyanja kapena padziwe lotseguka, osambira pansi pa madzi akatayana lamulo lake ndi lapafupi: mumayang'anayang'ana kwa mphindi imodzi, ndipo mukalephera mumakwera pang'onopang'ono kukakumana pamwamba. M'phanga mulibe pamwamba. Kumutu kwanu kuli thanthwe, ndipo njira yokafika kumpweya wakunja ndi yomweyo imene munalowera, kutalika kwake konse. N'chifukwa chake zonse zimadalira chingwe choyalidwa kuchokera pamadzi otseguka mpaka pamene mwafika, popanda podukira. Sheck Exley wa ku Florida, atasanthula imfa za osambira m'mapanga m'kabuku kake ka mu 1979, anapeza kuti zambiri zinkachokera pa zolakwika zochepa zobwerezabwereza: kulowa popanda chingwe chosadukiza, kusasunga mpweya wokwanira wotulukira, ndi kupita kozama kopyola muyeso. Pambuyo pake ena anawonjezerapo maphunziro oyenera ndi matochi atatu kwa munthu aliyense. Kutayana ndi mnzanu n'koopsa makamaka chifukwa kumakukokerani kuti muphwanye malamulo awiri oyambawo nthawi imodzi, kusiya chingwe kuti mukamuyang'ane kumbali, ndi kumaliza mpweya umene munasungira ulendo wotuluka.

Tinali awiri, m'phanga la miyala ya laimu limene madzi ake amayenda kuchokera mkati kupita kukhomo, kotero kuti polowa mumalimbana nawo ndipo potuluka amakukankhani. Aliyense anali ndi masilinda awiri a mpweya kumsana, tochi yaikulu imodzi ndi ena awiri aang'ono osungira, paipi yopumira yaitali mamita awiri yoti n'kupatsa mnzake mpweya ngakhale pamalo othina pamene simungayende moyandikana, spool (kachipangizo kokulungapo chingwe) ya chingwe cha pangozi, ndi kabuku kolembamo pansi pa madzi. Tinayamba ndi mpweya wa bar 210 (bar ndi muyeso umene geji imaonetsera mphamvu ya mpweya wa m'silinda), ndipo potsata lamulo logawa mpweya patatu tinagwirizana kuti bar 70 ndi zolowera, bar 70 zotulukira, ndipo bar 70 zotsalazo sitizikhudza, ndiye kuti geji ya aliyense wa ife ikafika pa 140 tibwerera. Titafika pamphambano pamene chingwe chimagawikana pawiri, aliyense anamangirira chizindikiro chake kumbali yakukhomo. Osambira m'mapanga ali ndi zizindikiro za mitundu iwiri zimene siziyenera kusokonezedwa. Kamuvi ka pulasitiki kamaloza kotulukira, ndipo aliyense wodutsa amakakhulupirira. Kachizindikiro kozungulira, kamene amakatcha cookie, sikaloza kulikonse, kamangonena kuti mwini wake anadutsa pano ndipo sanabwerere. Kamakhala ndi dzina ndi timipata tosema m'mbali kuti mwini akazindikire ndi zala ngakhale mumdima.

Ine ndinali patsogolo. Wotsogolera m'phanga samuona mnzake, amaona kadontho ka kuwala kwa tochi ya mnzakeyo kakuyenda pansi kapena pakhoma patsogolo pake, ndipo kadontho kameneko ndiko kamamuuza mosalekeza kuti zonse zili bwino. Kakazungulira ndiye kuti akufunsa kapena kuyankha kuti ali bwino, kakayenda uku ndi uku pang'onopang'ono akufuna kuti mucheuke, ndipo kakagwedezeka mofulumira ndiye kuti pali ngozi. Pa kuya kwa pafupifupi mamita 30 tinafika pamalo pamene denga limatsika kwambiri ndipo pansi pali dongo losalala. Tinadutsa mosamala, tikupalasa mwa chule kuti zipsepse zakumapazi zisavundule pansi, koma pamalo otere ngakhale wosambira waluso sangaletse thovu la mpweya wake kugunda denga ndi kugwetsa tizidutswa ta dongo tomwe tinamatirira kumeneko. Nditatuluka kutsidya lina, pamene phanga limatakasukanso, ndinapalasa kangapo ndisanazindikire kuti kuwala kumene ndikuona patsogolo panga ndi kwa tochi yanga yokha.

Ndinatembenuka. Pamene tinadutsa paja panali patatsekeka ndi matope oyandama ngati utsi, kuchokera pansi mpaka kudenga, ndipo kuwala kwa tochi yanga kunkathera pomwepo.

Thupi limafuna kuthamangira m'matopemo nthawi yomweyo. Ndinamva kupuma kwanga kukufulumira, ndipo pa mamita 30 zimenezi si zazing'ono, chifukwa pa kuya kumeneko mpweya umathera kanayi kuposa mmene ungathere pamtunda, ndipo munthu wamantha amawonjezera pamenepo. Choyamba ndinagwira chingwe, ndikuchizunguliza ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala mosachikoka, n'kuima chilili m'madzi. Ndinapuma mozama katatu kapena kanayi mpaka phokoso la chopumira changa linabwerera mwakale. Kenako ndinamangirira kamuvi pachingwe koloza kukhomo, ndisanatembenukenso kwina kulikonse, chifukwa munthu akazungulira kawiri katatu pofunafuna amatha kuiwala kumene anachokera, ndipo ngalande ya phanga imaoneka mofanana mbali zonse ziwiri. Pambuyo pa zimenezi m'pamene ndinakanikiza galasi la tochi yanga pachifuwa kuti kuwala kwake kubisike. Tochiyo siizimitsidwa, chifukwa tochi yozimitsidwa ikhoza kukana kuyakanso, imangophimbidwa. Munagwa mdima wa ndiweyani. Ndinadikira kuti maso azolowere, ndikuyang'ana kumatope kuja, kudenga, pansi, ndi m'mbali, kufunafuna ngakhale kachiwalewale kakang'ono. Ndinasiyanso kupuma kwa kamphindi kuti ndimvetsere phokoso la thovu la munthu wina. Panalibe chilichonse.

Apa m'pamene ndinayang'ana geji, ndipo ndikufuna kuchedwa pang'ono pa masamu ake chifukwa ndi amene anandigwira dzanja kuyambira pamenepo. Geji inali pa bar 160, kutanthauza kuti ndinagwiritsa ntchito bar 50 kuti ndifike pamalowo. Kuti ndituluke ndinafunika bar 50 zina. Koma ndikanamupeza mnzanga mpweya utamuthera kapena zipangizo zake zitawonongeka, tikanapumira masilinda anga tonse awiri ulendo wonse wotuluka, ndiye kuti bar 100 sizinali zanga zoti n'kufufuzira nazo. Zotsala zinali bar 60, ndipo ngakhale zimenezo sindinaziwerengere zonse, chifukwa anthu awiri amantha, oyenda m'madzi ovunduka atagwirana, amachedwa ndipo amapuma kwambiri kuposa mmene anapumira polowa. Ndinatsimikiza kuti geji ikafika pa 115 ndisiya kufunafuna, ndipo nambalayo ndinailemba m'kabuku kanga. Aphunzitsi amasiyana pa kawerengedwe kake, ena amagawanso patatu mpweya wotsala, ndipo m'phanga limene madzi ake amakokera mkati malire ake ayenera kukhala okhwima kwambiri chifukwa potuluka mumakhala mukulimbana ndi madzi. Chimene amagwirizana onse ndi chakuti nambalayo muisankhe musanayambe kufunafuna. Mukayamba, mtima umakhala ukukupemphani ngodya ina imodzi, mpata wina umodzi, ndipo ngati simunalembe malire simudzaupeza mphamvu youkanira.

Funso lotsatira linali loti ndiyambire kuti. Munthu amene anali kumbuyo kwanu kawirikawiri amakhala kumbuyo komweko, pakati pa inu ndi khomo, ndipo malo omaliza amene ndinaona kuwala kwake anali polowera pothina paja. Ndinalowa m'matopemo chingwe chili m'dzanja lamanja, lamanzere ndikulitambasula uku ndi uku. M'madzi ovunduka chotere tochi imangowalitsa matope amene ali pagalasi la kumaso kwanu, ndipo kuti muwerenge geji mumayenera kuigunditsa pagalasilo. Ndinkayembekeza kuti dzanja langa ligunda dzanja lake pachingwe, chifukwa ndi mmene timaphunzirira: madzi akavunduka, aliyense agwire chingwe, wakumbuyo agwire mkono wa wakutsogolo, ndipo mulankhulane mwa kukhudzana, kukankha kutanthauza pita, kukoka kutanthauza bwerera, kufinya kutanthauza ima. Ndinadutsa pothina ponse osakhudza munthu. Chingwe chinali chokoka bwino, chosaduka, ndipo sindinamve kugwedezeka kulikonse kosonyeza kuti wina wachigwira kutsogolo.

Kumbali yakukhomo matope anali ochuluka kuposa kutsidya, chifukwa madzi ankawatengera komweko. Ichi n'chinthu chimene ambiri saganizira pokonza ulendo: m'phanga limene madzi amatulukira kukhomo, matope amene mwavundula amayenda nanu potuluka. Pamalopo khoma lakumanzere limalowa mkati n'kupanga kachipinda kotsika, ndipo ndinaganiza kuti ngati anataya chingwe, madzi akanamukankhira kumeneko. Ndinamangirira kamuvi kena pachingwe chachikulu, ndinamangapo chingwe cha spool yanga, ndinayesa mfundoyo poikoka, ndipo pokhapo m'pamene ndinasiya chingwe chachikulu. Palibe chifukwa chilichonse, ngakhale mutaona kuwala kwa mnzanu pamtunda wa mamita awiri okha, chokulolani kuchoka pachingwe musanamange china. Ndinayenda pang'onopang'ono ndikumasula chingwecho, ndikuima kawirikawiri kuphimba tochi ndi kumvetsera, ndikukweza dzanja kudenga kuti ndimve ngati pali mpweya wosonkhana umene ungasonyeze kuti munthu anapumira pansi pake. Ndinagogoda silinda yanga ndi chitsulo kangapo. Phokoso limayenda bwino m'madzi, koma khutu silitha kudziwa kumene lachokera, kotero limangothandiza kuuza mnzanu kuti muli pafupi. Sindinamve yankho.

Geji inafika pa 115 ndili kumapeto kwa kachipinda kaja. Ndinakulunga chingwe kubwerera pa kamuvi kanga.

Zimene ndinachita pamenepo zinanditengera mphindi ziwiri kapena zitatu, koma ndizo zinakhala zofunika kuposa kufunafuna konse kuja. Ndinatulutsa tochi imodzi yosungira, ndinaiyatsa, ndinaikoleka pachingwe chachikulu pambali pa kamuvi, kuwala kwake kukuloza m'mbali mwa ngalande. Ndinang'amba tsamba la m'kabuku, ndinalembapo ndi zilembo zazikulu dzina langa, nthawi, ndi mawu akuti ndatuluka, uli m'njira yolondola, tsata muvi, ndipo ndinalipanikiza pa kamuviko. Tochi yoyaka imagwira ntchito ziwiri: imaonetsa pamene pali chingwe kwa munthu amene wachitaya, ndipo imamuuza kuti asataye mpweya wake kufunafuna inu. Mfundo yachiwiriyi njofunika kwambiri, chifukwa anthu awiri akatayana onse amakhala ofunafuna, aliyense amaganiza kuti wosowa ndi mnzake, ndipo akhoza kupitirirana m'matope kapena kudikirana mpaka mpweya kutha pamene aliyense akanatha kutuluka yekha bwinobwino.

Kuchoka pamalo pamenepo kunali kowawa, ndipo sindikufuna kukubisirani. Dzanja linkatsata chingwe kupita kukhomo koma maganizo onse anatsalira kumbuyo. Ndinayenda pang'onopang'ono, ndikuyang'anabe m'mbali ndi kudenga, chifukwa ulendo wotuluka nawonso ndi kufunafuna. Madzi anayamba kuyera ndisanafike pamphambano, ndipo ndili patali ndinaona zizindikiro ziwiri zikulendewera pachingwe, changa ndi chake. Chake chikanakhala kuti palibe, ndikanadziwa kuti anadutsa kale ndipo ali patsogolo panga. Chinalipo. Ndinachigwira ndi zala, ndinamva timipata take, ndipo ndinadziwa kuti akadali mkati. Ndinayang'ana geji, ndinayang'ana ngalande imene ndinachokera, ndipo kwa kanthawi ndinafunitsitsa kubwerera. Masamu aja anali asanasinthe. Ndinachotsa chizindikiro changa chokha kuti iye akafika adziwe kuti ndadutsa, chake ndinachisiya, ndipo chingwe chathu cholumikiza khomo ndi chingwe chachikulu ndinachisiyanso mmene chinalili. Pa ulendo wabwinobwino womaliza kutuluka amakulunga zingwe zonse zimene gulu linayala, koma mnzanu akasowa simuchotsa kanthu kalikonse kamene kangamutsogolere kunja.

Pafupi ndi khomo, pa kuya kwa mamita 6, kompyuta yanga yowerengera kuya ndi nthawi inandiimika kuti nayitrojeni, mpweya umene umaunjikana m'thupi munthu akakhala pozama, atuluke. Kuima kumeneku sikudumphidwa chifukwa cha changu, popeza munthu wogwidwa ndi matenda obwera chifukwa chokwera msanga sathandiza aliyense, amangowonjezera chiwerengero cha ofunika kupulumutsidwa. Ndinagwiritsa ntchito nthawiyo kulemba zimene opulumutsa angafune kudziwa: nthawi imene tinalowa, njira imene tinatenga pamphambano, malo ndi nthawi imene ndinamuona komaliza, kuya kwake, mpweya umene anali nawo pamene tinafunsana komaliza, malo amene ndinafufuza kale, ndi pamene ndinasiya tochi. Ndinakhala nditayang'ana mkati mwa phanga, tochi yanga itaphimbidwa pachifuwa. Patapita mphindi zingapo ndinaona kachiwalewale kofooka patali, kenako matochi awiri aang'ono m'dzanja limodzi. Anazunguliza kuwala, ine ndinayankha, ndipo atafika anandionetsa geji yake ndisanamufunse. Mpweya anali nawo wokwanira. Tinamaliza kuimako limodzi, ndipo anandibwezera tochi yanga, tsamba lija litapindidwa pansi pa lamba wake.

Titatuluka anandifotokozera mbali yake. Tochi yake yaikulu inazima ali pakati pa pothina paja, nthawi yomwe dongo linkagwa kuchokera kudenga. Potulutsa tochi yosungira anafunika manja onse awiri kwa kamphindi, ndipo kamphindi komweko madzi anamusuntha chammbuyo ndi chakumbali, osati kumanzere kumene ine ndinafufuza, koma kumanja, pansi pa shelefu ya thanthwe imene sitinaione polowa. Atatambasula dzanja chingwe panalibe. Sanapalase mwachisawawa. Anapapasa pansi mpaka anapeza mwala wotuluka, anamangapo chingwe cha spool yake, n'kuyamba kufufuza mozungulira kuchokera pamwalawo, akubwerera pomwepo nthawi iliyonse akalephera, kuti asasochere kupitirira pamene anasocherera kale. Kugogoda kwanga anakumva koma sanadziwe kumene kunachokera, ndipo iye atagogoda ine sindinamve, mwina chifukwa cha phokoso la thovu langa lomwe. Tochi yake yaing'ono sikanatha kubowola matope amenewo, n'chifukwa chake sindinaone kanthu ngakhale kuti tinali pafupi kwambiri. Matope atayamba kuchepa anaona kuwala kosasuntha chapansi, analunjika komweko chingwe chake chili m'manja, ndipo anapeza tochi yanga, kamuvi ndi tsamba lija. Anandiuza kuti asanawerenge tsambalo maganizo ake anali oti alowe mkati kukandifuna, chifukwa ankadziwa kuti ndinali patsogolo pake. Akanatero, akanadutsanso pothina paja ndi tochi yosungira, kulowera kumene kunalibe munthu, mpweya ukutha.

Ndaganizira kwambiri za mfundo imeneyi. Ndikanapitiriza kufunafuna kupyola malire anga, ndikanakhalabe kumanzere kapena ndikanabwerera mkati, ndikuvundula matope ena ndi thovu langa, ndipo tochi imene inamuonetsa chingwe ikanakhala ikadali m'thumba mwanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'phanga kudekhako nthawi zina kumatanthauza kuchokapo kuti madzi ayere.

Pali chifukwa china chimene wotsala ayenera kutulukira ali ndi mpweya ndi nzeru zake zonse, ndipo mbiri ya kusambira m'mapanga imachionetsa bwino. Mapanga ena ali ndi zipinda zokhala ndi mpweya pamwamba pa madzi, ndipo munthu wosowa akhoza kukhala moyo mmenemo kwa nthawi yaitali. Mu 1984 Peter Verhulsel anachoka pachingwe m'mapanga a Sterkfontein, pafupi ndi Johannesburg, n'kutayana ndi anzake. Anapezeka patatha milungu 6, ndipo zinadziwika kuti anakhala moyo pafupifupi milungu itatu m'chipinda chokhala ndi mpweya asanamwalire ndi njala. Mu April 2017 ku Mallorca, Xisco Gràcia ndi mnzake Guillem Mascaró anataya njira madzi atavunduka, ndipo atafika m'chipinda cha mpweya anaona kuti mpweya wa m'masilinda ungakwanire munthu mmodzi yekha kutuluka. Anasiyana mwadala. Mascaró anatuluka kukaitana thandizo, ndipo Gràcia anapulumutsidwa atakhala mmenemo pafupifupi maola 60, m'mpweya woipa wodzaza kaboni dayokisaidi. Munthu amene watuluka ndiye yekhayo amene amadziwa kumene opulumutsa ayambire. Akafera mkati, nkhani yonse imafera naye limodzi.

N'chifukwa chake mukafika pamtunda mnzanu asanaoneke, muitane thandizo nthawi yomweyo, osadikira kuti mwina atulukira, ndipo mufunse osambira odziwa za mapanga. Pali bungwe la anthu odzipereka lotchedwa International Underwater Cave Rescue and Recovery limene limagwira ntchito ndi apolisi pa nkhani zotere, ndipo m'madera ambiri a mapanga muli magulu ofanana nalo, kotero nambala zawo muzikhala nazo musanalowe m'madzi. Osambira a pamadzi otseguka asalowe kukathandiza, ngakhale atakhala aluso chotani, ndipo inunso musasinthe masilinda n'kubwereramo nokha muli wotopa, wozizidwa, thupi lodzaza nayitrojeni ndiponso maganizo osakhazikika.

Anthu ena amamva zonsezi n'kunena kuti ndiye kukhala ndi mnzako m'phanga kulibe phindu. Zoona, a Cave Diving Group ya ku Britain, yomwe inakhazikitsidwa mu 1946, amasambira kawirikawiri payekhapayekha m'ngalande zawo zothina ndi zamatope, chifukwa mmenemo munthu wachiwiri amangowonjezera chipwirikiti. Ine sindikuona kuti mfundo yawo ikutsutsana ndi kusambira pagulu. Imatikumbutsa kuti aliyense wa m'gulu ayenera kukhala wotha kudzitulutsa yekha, ndi mpweya wake, matochi ake, spool yake ndi kukumbukira kwake kwa njira. Chimene chinandilola kuchoka pamalo paja chinali kudziwa kuti mnzanga amadziwa kufunafuna chingwe chotayika ndipo amasunga mpweya wake mwachilungamo. Ndikanalowa ndi munthu wongotsatira zipsepse zanga, wosaloweza njira payekha, chigamulo chomwecho chikanakhala cholemera kwambiri, ndipo n'chifukwa chake masiku ano ndimasankha mosamala anthu olowa nawo.

Kuchokera nthawi imeneyo pali zinthu zimene gulu lililonse limene ndilimo limachita mosalephera. Wotsogolera akadutsa pamalo othina amaima kutsidya, amatembenuka, ndipo sapitirira mpaka ataona womaliza akutuluka ndi kuyankha chizindikiro. Tochi ya wina ikazima, ulendo watha pomwepo, ndipo mwini wake amaikidwa patsogolo potuluka kuti matochi amphamvu amuunikire kuchokera kumbuyo. Madzi akayamba kuvunduka dzanja limapita pachingwe musanachite china chilichonse, ndipo tochi yosungira imakolekedwa pamalo amene dzanja limodzi lingaitulutse ndi kuiyatsa. Chala chachikulu chikalozedwa m'mwamba, aliyense amabwerera popanda kufunsa chifukwa.

Ndipo tisanalowe m'madzi, tikadali pamtunda pamene tingathe kulankhulana ndi pakamwa, timakambirana za kutayana mwachindunji, ngakhale ndi anthu amene tasambira nawo nthawi yaitali. Timagwirizana mmene aliyense awerengere mpweya wofufuzira, kuti tochi ndi tsamba zisiyidwa pati, kuti chizindikiro chochotsedwa pamphambano chitanthauza chiyani, ndi kuti wopeza uthenga wa mnzake atuluka osafufuzanso. Ngati tili atatu timanenanso kuti awiri otsalawo sasiyana pofunafuna wachitatu, mmodzi amakhala pachingwe chachikulu tochi ikuyaka pamene winayo wapita kumbali ndi spool, ndipo malire a onse awiri ndi geji ya amene mpweya wake wachepa kwambiri. Aliyense amagwira zizindikiro za anzake m'manja, maso atatseka, mpaka atazizindikira ndi zala. Munthu wotsala pamtunda timamuuza nthawi imene tikuyembekeza kutuluka, njira imene titenge, ndi nthawi imene ayenera kuimba foni ngati sitinaoneke.